Chete Amene Nason Ankatsata ku Mzuzu

Mukafika pamsika wa Mzimba, mbali ya osoka nsapato, musamutchulire jenereta Nason Ziba. Amataya singano pansi.

Nason anabadwira ku Manyamula, anakhalako ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi, n'kubwerako ndi khutu lachilendo. Gulu lomwe linamudya mtima ndi la Utuchi, achinyamata asanu a ku Mzuzu oimba jazi yosavinika. Ali ndi saksafoni, ng'oma, babatoni wa chingwe chimodzi, ndi sowo yakale ya ku Chikangawa yomwe amaikwecha mpaka ilire ngati khanda. Nyimbo zawo sajambula. Wofuna kumva apite komweko. Nason anapitako ka 19 m'zaka ziwiri, makilomita opitirira 100 kupita kokha.

Mkazi wake Doris, mayi wa mwana wawo Linily, ankawerenga nawo maulendowo.

"Aŵisi Linily, nyimbo yanji yosapezeka ngakhale pafoni? Saksafoni yanuyo imavala chitenje chamtundu wanji? Ulendo wa 20 mudzandipeza kwathu ku Champhira."

Nason sanapitenso. M'malo mwake anachonderera a Utuchi mpaka anavomera kudzaimba Loweruka masana mu holo ina ya m'tauni ya Mzimba. Ankafuna Doris amve chinthu chimodzi: pakati pa nyimbo yachitatu onse amaleka mwadzidzidzi, kuli zii masekondi 40, kenako sowo ija imayamba kulira chapansipansi.

Nthawiyo inakwana. Zii! Nason anagwira Doris pamkono. Masekondi asanu sanathe.

"Athima!" anakuwa wina kumbuyo.

"Aaa, magetsiwa!" holo yonse inadandaula.

Pearson, mlongo wake wa Doris, yemwe amasamalira holoyo, anathamangira panja. Anakoka chingwe kamodzi kokha, jenereta n'kubangula.

Nason anakwera pabenchi. "Mulamu! Zimitsa chinthu chakocho! Magetsi alipo!"

"Ndakupulumutsani, mulamu, mbwenu mukundikalipira?" anayankha Pearson pazenera.

"Wapulumutsa chiyani? Anthu inu chete simumudziwa! Ngakhale kumanda mumayankha mafoni!"

Wa saksafoni anangoseka, n'kuyamba kutsatira kulira kwa jenereta. Wang'oma analowa. Anthu anadzuka kuvina, ena akuti iyi ndiye nyimbo yokoma chomene. Apo ndiye Nason anapsa mtima zenizeni. Anatuluka, n'kuimenya theche jeneretayo atavala patapata. Chikhadabo cha chala chachikulu chinatsalira pomwepo.

Doris anamupeza atakhala pansi, magazi ali chuchuchu, misozi ili mbwe, akutukwanabe.

"Zaka khumi ndi chimodzi sindinakuoneni mukulirira munthu," anatero, akumanga chalacho ndi mpango. "Ulendo wa 20 tikwera tonse. Ndikamve chimene mlongo wanga wapha."

Anapitadi limodzi ku Mzuzu. Doris akuti masekondiwo anawerenga yekha, anakwana 43. Koma Pearson akabwera ndi nsapato yong'ambika, mpaka lero Nason amangomulozera ndi mlomo kwa osoka ena.