Funso limene ndinamufunsa mng'ono wanga kutchalitchi

Amene anamuphunzitsa mng'ono wanga kuwerenga ndine. Ndinkamulembera zilembo pansi ndi kamtengo, kuseri kwa chigafa cha fodya kwathu ku Chulu. Nanenso kusukulu mutu unkagwira, moti aphunzitsi ankandituma kukalemba masamu pabolodi. Koma ndili Fomu 2 amayi anamwalira, ndipo panafunika wina wotsala pakhomo. Wamkulu ndinali ine. Iye anapitirira mpaka ku yunivesite, kenaka kunja.

Ntchito yake ndimavutika nayo kufotokoza. Akuti kuchipululu china ku Joni kuli zimbale zikuluzikulu zoloza kumwamba, ndipo iye ndi anzake amamvetsera ngati kuli zamoyo kumaiko ena, kutali ndi dziko lapansi lino. Ine ndimamvetsera wailesi kuti ndidziwe mmene fodya akuyendera kuokushoni.

Anabwera kudzationa nthawi yosankha fodya. Ababa, amene amadya zomwe ndaphika tsiku ndi tsiku osafunsa n'komwe kuti ndadzuka bwanji, anatulutsa mpando wa alendo, iwo n'kukhala pakampando kakafupi moyang'anana naye. Ine ndinali m'chigafa, manja ali bii, koma zonse ndinkamva.

"Ukuti anthu akufuna kukamanga midzi kumeneko?" anafunsa ababa.

"Eya ababa, ku Mars. Koma si lero kapena mawa. Kulibe mpweya woti munthu n'kupuma, ndipo kumazizira koopsa."

"Nanga mvula?"

"Sikugwa mvula."

"Ndiye fodya sangachite," anatero ababa, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Chimwalirire amayi ndinali ndisanawamve akuseka choncho. Ndinafinya tsamba limene linali m'manja mwanga mpaka linathetheka.

Lamulungu mapemphero atatha, mkulu wa mpingo anamupempha kuti apereke moni. Moniwo unasanduka msonkhano. Anthu amene amathamangira kunyumba nyimbo yomaliza isanathe anakhala chete pamabenchi. Bambo wina anafunsa ngati munthu wopita ku Mars amabwerako. Mayi wina wachikulire anafuna kudziwa ngati zamoyo za kumaiko enazo nazonso zinachimwa mwa Adamu. Mng'ono wanga ankayankha modekha, ndipo pamene sakudziwa ankanena kuti sakudziwa. Ababa anali kutsogolo, khosi lili njo.

Ndinangozindikira ndakweza dzanja.

"Zaka zonsezi mwakhala mukumvetsera," ndinatero, ndikumupatsa ulemu wa mlendo mwadala, "mwamvako chiyani?"

"Sitinamve kanthu, achemwali."

"Olo kamodzi?"

"Olo kamodzi. Mwinanso ndidzafa tisanamve."

"Ife kuno tikafesa nazale, sipatenga mwezi, timadziwa ngati yamera kapena ayi."

Tchalitchi chonse chinafa nacho chiseko, ena mpaka kuwomba m'manja. Sindinama, mumtima munazuna. Ndinayang'ana ababa kuti ndione ngati nawonso akuseka, koma anali atazolika.

Mng'ono wanga anaseka nawo. Kenaka anati, "Akunena zoona. Ndipo mudziwe kuti masamu achemwaliwa ankandiposa kutali. Kukanakhala kuti anapitiriza sukulu, bwenzi pano ataima iwo."

Ananena ndi mtima wabwino, ndikudziwa. Koma anthu onse anatembenuka kundiyang'ana, ndipo maso awo anali achisoni. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Kalanga ine, nanunso bwenzi muli kutali." Kukanakhala bwino akanangonditukwana.

Pobwerera tinadzera kanjira ka m'minda, mapesi a fodya ali mbuu mbali zonse. Ababa anatsogola.

"Mwakwiya, achemwali?" anandifunsa mng'ono wanga.

"Ndikwiyirenji?"

Tinayenda pang'ono. Ndiye anati, "Kumene kuja ndimakhala ndekha. Pamatha miyezi osalankhula Chichewa ndi munthu pamaso."

Ndinangopitiriza kuyenda. Ndinadziwa kuti ndikayankha ndiyamba kumumvera chisoni, ndipo tsiku limenelo sindinafune.

M'mawa mwake anavala chitenje changa n'kulowa m'chigafa kuti andithandize. Anasankha mpaka masana, akuimba nyimbo za kwaya yathu yakale, koma ankasakaniza masamba apansi ndi apamwamba. Sindinamuuze. Atapita kukasamba ndinamasula zonse zimene anamanga n'kuyambiranso, ndipo ndinasangalala kuti pali chinthu chimodzi chimene sachidziwa.

Anakhala sabata ziwiri. Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza mpaka pamene amakwerera kabaza, ndinamupatsa mtedza ndi ufa, tinakumbatirana, ndipo ndinalira zenizeni. Ndimamukonda mwana uja. Nsanje ndi chikondi zimagona mphasa imodzi mwa ine, ndipo ndinaleka kuyesa kuzilekanitsa.

Masiku ano amatumiza zithunzi: zimbale zija zili ndandanda m'chipululu, miyala yofiira ya ku Mars, iye ali ndi anzake atavala zipewa. Foni ya ababa ndi yamabatani, choncho zonse zimafikira pa yanga. Ndikaweruka kumunda amandiitana, "Watumiza chiyani mng'ono wako?" Ndimakhala pambali pawo, n'kuwagwirira foni, n'kumakulitsa chithunzi ndi zala kuti aone bwino. Amayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa mafunso amene ine sindingayankhe.

Masiku ambiri ndimawaonetsa. Masiku ena ndimawauza kuti netiweki yavuta.