Tsiku limene ndinaona nkhungu

Lero pamsika wa Chintheche ndamva fungo la nkhungu zophika, tizilombo touluka ta m'nyanja tija, chifuwa n'kundithina ngati kale.

Ndili mwana ndinkadwala mphumu. Nkhungu zikabwera ankanditsekera m'nyumba, ndiwo yake osandilawitsa. Anzanga akukuwa panja, ine ndinkangoyang'ana khoma, mpaka ndinasiya kulankhula. Kondowole yemwe ndinkamukana.

M'mawa wina bambo anandimanga nsalu yonyowa pamphuno n'kundinyamula paphewa kuti tipite kunyanja.

"Mumupha mwanayo!" anakuwa mayi.

"M'nyumbamu ndiye akutha," anayankha bambo.

Ndinaona utsi wakuda wopanda moto utaima pamadzi mpaka kumwamba, ukubwera. Zinali nkhungu, ndipo kugombe azimayi ankazidikira ndi malichero onyowa ozikolera. Chifuwa chinkalira ngati kamwana ka mphaka, koma ndinagwira tsitsi la bambo.

"Ada," ndinatero kwa bambowo, "tiyandikireko."