Tayirodi ya Galimoto ya Mkwatibwi

Ndikukumbukira Lachisanu lina kwathu ku Natuseko, mawa lake kuli ukwati wa mkulu wanga Dailesi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Pakhomo panali piringupiringu. Amayi a Chigwirizano a kutchalitchi kwathu ankasosola nkhuku kuseri, fungo la nthenga zowauka lili ponseponse, ndipo pabwalo atsikana operekeza mkwatibwi ankayeserera gule. Ine anali atandichotsa kale pamzerewo. Mayi wophunzitsa gule anati miyendo yanga imamva nyimbo ina.

Bambo anali atanenetsa kuti mwana wawo sapita kutchalitchi pa galimoto yobwereka. Yathu inali yobiriwira, yakale kuposa mkwatibwi, ndipo sabata imeneyo inayamba kugogoda kutsogolo ikaponda dzenje. Atagwedeza tayala lakumanzere, bambo anati vuto ndi tayirodi, kachitsulo kamutu wobulungira kamene kamakankha tayala munthu akakhotetsa chiwongolero. Iwo anagwirapo ntchito ya zitsulo ku njanji, choncho kupita kugalaja ankakuona ngati manyazi.

Anaikweza pa jeke, kuika chitsa pansi pake, n'kuchotsa tayala. Anamasula nati, namenya ndi hamala cham'mbali mpaka kamutu kaja kanafwamphuka. Kenaka anandiitana.

"Iwe Tisa, bwela kuno. Ine nizazungulusa, iwe uzapenda. Yanyowani ifunika kungena chimozimozi monga yakale. Ukasokoneza, motoka izayenda monga nkhanu."

Ndinanjuta pafumbi mtima uli mbee. Pa anthu onse a pakhomopo, ntchito ya kuwerenga mapotedwe a kachitsuloko inapatsidwa kwa ine. Bambo anayamba kupotokola kachitsulo kakale, girizi wakuda akutuluka m'kalabala kong'ambika, ine ndikuwerenga chamumtima. Tsoka ilo, pabwalo wailesi inayambanso, mayi uja nayenso n'kuyamba kuwerengera atsikana ake mokweza: "Wanu, thu, firii, tembenuka." Ndinacheuka kamodzi kokha kuti ndione ngati amene analowa m'malo mwanga ankavinadi bwino. Pobweza maso, kachitsulo kanali kale m'manja mwa bambo.

"Zingati?"

"Fifitini," ndinayankha mosaphethira.

Anapotera katsopano kakhumi ndi kasanu, kumanga zonse, ndipo tinatuluka awiri kukayesa mumsewu wopita ku Mukobeko. Kugogoda kunatha, koma chiwongolero chinakhala chopendekeka, matayala akulira pa phula. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa bambo. Kenaka anayankhula ngati ali okha, kuti mwina manja awo akalamba, ndipo kuli bwino akagwade kwa mkulu wampingo wina abwereke yake. Apo ndiye ndinalephera kupirira. Bambo anga akachite manyazi pa chipata cha munthu chifukwa cha bodza langa? Ndinaulula zonse, misozi ndi mamina zili pamodzi.

Anaimika galimoto pambali n'kundiyang'ana. Ndinkadikira mbama, koma anangopukusa mutu, kumwetulira kukuwathawa pakamwa.

"Sembe unakamba paja pamene. Kuibala si mulandu, mwana wanga. Manje tiye tikabe ntambo ya amai ako."

Titafika anamasuladi chingwe choyanikira zovala, mayi akudandaula kuti nsalu za patebulo la ukwati aziyanika pamutu pa ndani. Anachikoka kuchokera kumbuyo kwa galimoto mpaka kutsogolo, chikukhudza tayala lakumbuyo, nawongola chiwongolero. Ine ndinagona chamimba, diso limodzi chotsinzina, kuwauza ngati tayala lakutsogolo lafanana ndi chingwe. Tinakweza, kupota, kutsitsa, kuyezanso, katatu konse. Zinapezeka kuti ndinadya mapotedwe awiri. Dzuwa lisanalowe galimoto inkayenda mowongoka, bambo atagwira chiwongolero ndi zala ziwiri, akuimba nyimbo ya m'buku.

Mawa lake Dailesi anakwera galimoto ya bambo ake itavala maliboni, osadziwa kalikonse. Ovina aja anapanikizana m'minibasi. Ine ndinakhala kutsogolo, girizi akadali m'zikhadabo, ndipo sindinasirire munthu aliyense tsiku limenelo.

Masiku ano galimoto yanga ikayamba kukoka ndimangopita nayo kugalaja, makina n'kuonetsa manambala pa kompyuta ine ndikumwa chakumwa chozizira. Ana a m'dera lathu sagonanso pafumbi kuonerera akuluakulu akukonza zinthu. Bambo nawo maso anafooka, anasiya kuyendetsa. Lamlungu ndikawatenga kupita kutchalitchi, amakhazika dzanja pa chitseko n'kumamvetsera msewu, kenaka amati, "Ili tayala la ku lefuti, ukalionese." Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Ngakhale pamene alakwitsa sindiwatsutsa, ndimangochepetsa liwiro kuti ulendo utalikeko.