Ndinanola Nsapato ya Mwana Wanga

Ine ntchito imene ndimaidziwa ndi kunola. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, n'kukakhala pashedi ya amalume mumsika wa Ndirande. Zikwanje, nkhwangwa, masizasi a atelala, mipeni ya m'butchala. Munthu akabweretsa chitsulo chobuntha ndinkachigoneka pamwala, mbali iyi, mbali iyo, mpaka chituluke mlomo umodzi wakuthwa. Kenako ndinkameta nacho ubweya wa pamkono, mwini wake akuona. Ubweya ukagwa, ntchito yatha.

Ku Glasgow kuno ndinachita kutsatira mkazi wanga. Iye ndi namwino, anapeza ntchito pachipatala. Ine ndinapeza ya kukhitchini panyumba yosamalira okalamba. Mwana tili naye mmodzi, wamkazi. Anafika kuno ali ndi zaka zinayi.

Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, sukulu inawatengera kubwalo la ayisi. Anabwerako zovala zitanyowa, akuseka. Sabata yotsatira analirira kupitanso. Zinayamba choncho. Masewera ake ndi ovina ndi kudumpha pa ayisi, atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chachitali kunsi. Chitsulocho ine ndimachitcha mpeni. Kwa zaka khumi ndi ziwiri ndinkamunyamulira chikwama pa basi ya mbandakucha kuchokera ku Govanhill, n'kukhala pabenchi lozizira mpaka amalize. Nsapatozo sindinkazigwira. Ankapukuta yekha, n'kuveka yekha mipeniyo zivindikiro za pulasitiki. Zikafuna kunola ankapereka kwa bambo wina wa kashopu ka pabwalopo. Zinkandiwawa pang'ono.

M'gulu la ajuniya ankachita bwino. Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, kochi wake, mayi wa kuno wa imvi ndi mawu okhakhala, anati akwere kwa asiniya. Kumeneko n'kwina. Pampikisano amavina nyimbo ziwiri, yaifupi ndi yaitali. Kwa asiniya yaitaliyo imawonjezeka ndi theka la mphindi, ndipo theka limenelo ndi pamene miyendo imathera. Opikisana nawo ndi azimayi okhwima. Mpikisano woyamba anathera kumunsi. Wachiwiri anakwerako. Unatsala umodzi, wa Loweruka ndi Lamlungu, umene anthu osankha timu ya dziko ankabwera kudzaonera.

Mkazi wanga anali atanena kale chaka chisanayambe. "Chaka chino chokha. Akakusankha, pitiriza. Akakusiya, nsapato m'kabati, iwe ku yunivesite." Mwana anavomera. Ine ndinali mboni.

Lachitatu la sabata ya mpikisanowo mwana anabwera kunyumba ali ndwii. Potuluka pa ayisi anali ataponda kamsomali asanaveke chivindikiro. Mpeni wa kumanja unabenthuka pang'ono. Phazi lamanja ndi limene amaterapo akadumpha. Bambo wa kashopu uja anali atapita kumaliro kutali, shopu yotseka mpaka Lolemba.

"Kochi akuti si chachikulu," anatero m'Chingerezi chake cha kuno. "Ndingopirira."

Koma chakudya sanadye.

Lachinayi m'mawa ndinali pa ofu. Mayi ake kuchipatala, mwana kusukulu. Chikwama chili pakolido. Ndinachidutsa katatu. Kachinayi ndinatsegula.

Ndinayendetsa chala pampeni. Pobenthuka ndinapapeza. Ndinapezanso china chimene chinandikwiyitsa. Pakati pa mpeniwo panali kangalande, kuchokera kutsogolo mpaka kuchidendene. Milomo iwiri, pakati podyeka. Ndinati, bambo wa shopu uja wakhala akumupusitsa mwana wanga zaka zonsezi. Mpeni wanji wa milomo iwiri?

Mwala wanga ndinabwera nawo kuchokera kwathu, wokulunga m'chitenje chakale. Ndinaunyowetsa m'sinki. Chitsulocho chinali cholimba kuposa chikwanje chilichonse chimene ndinagwirapo. Ndinayamba nayini koloko, ndinamaliza wani. Mbali iyi, mbali iyo. Pobenthuka panatha. Kangalande kanatha. Mlomo umodzi, wowongoka. Ndinameta pamkono, ubweya unagwa. Wa kumanzere sindinaukhudze, manja anali atatopa. Ndinabwezera chivindikiro n'kutseka chikwama.

Sindinamuuze. Ndinkafuna amve yekha kukoma kwake, afunse kuti wachita ndani.

Masana ndinamuperekeza kubwalo. Analowa pa ayisi, anakankha ndi lamanzere, n'kutsamira lamanja. Phazi linathawira kumbali. Anagwa ndi chiuno, n'kukagunda mpanda. Anadzuka, anagwanso. Anafika pakhomo chokwawa ngati khanda. Kochi anamunyamula phazi monga munthu wofuna kuzula munga. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Wagwira ichi ndani?"

Ndinaimirira. "Ndine."

Sanakalipe. Analankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Mpeni wa pa ayisi uli ndi milomo iwiri dala, wa m'kati ndi wa kunja. Kukhota konse, kudumpha konse, kutera konse, munthu amakhala atakwera mlomo wina kapena unzake. Kangalande kaja ndiye nsapato yonse. Ine ndinali nditakafafaniza ndi manja anga kwa maola anayi.

Mwana wanga Chichewa amamva koma sachilankhula kawirikawiri. Tsiku limenelo analankhula.

"Adadi, ndinakupemphani?"

"Ayi."

"Nanga bwanji?"

"Unabenthuka."

"Adadi, mwandipha."

Ndinafunsa kochi za mpeni watsopano. Anati wa mtundu umenewo n'ngochita kuitanitsa, ufika sabata ya mawa. Ngakhale ukanapezeka, phazi limatenga masabata kuti lizolowere. Analemba malo atatu pakapepala. Anapatsa ine, osati mwana.

Lachisanu ndinaimba kuntchito kuti sindibwera. Ndinanyamula chikwama. Malo oyamba ndinapita pa sitima. Mayi wa pakauntala anati wonola wawo amabwera Loweruka lokha. Malo achiwiri, mabasi awiri. Bambo wa kumeneko anatembenuza nsapato kamodzi n'kundibwezera. Anati yafa imeneyi. Ndinatuluka, mvula ikugwa, ndinaima pasiteji osadziwa basi yokwera. Ndinapemphera mawu ochepa. Ndinati, Ambuye, manjawa munandipatsa ndinu.

Malo achitatu anali ku Dennistoun, galaja yaing'ono kuseri kwa mafulati. Mwini wake nkhalamba, wovala magalasi omanga ndi chingwe. Ndinamupeza akumwa tiyi. Anatenga nsapato, anapita nayo pawindo.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine."

"Ndi makina anji?"

"Mwala. Pamanja."

Anayendetsa chikhadabo kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. "Mzere wowongoka," anatero. "Manja abwino. Mutu mulibe kanthu."

Ndinavomera. Ndinayamba kunena za mwana, za timu, za mawa. Chingerezi chinandithera. Ndinagwada pasimenti ya mafutayo.

"Dzukani, mukunditchinga kuwala."

Anandiuza zoona. Kuti milomo iwiri ibwerere, adya chitsulo mpaka kufika pamene mwala wanga sunafike. Chitsulo chambiri chipita. Kupindika kwa mpeni kusintha, ndipo mano a kutsogolo, amene amabaya nawo ayisi podumpha, ayandikira pansi. Wa kumanzere audyanso kuti zifanane.

"Mwanayo aima pa ayisi," anatero. "Koma si nsapato imene amaidziwa."

Anayatsa makina. Ndinaima pambali manja ali m'thumba, ndikuona moto ukuthetheka. Kangalande kanabwerera pang'onopang'ono. Zaka makumi anayi ndikunola, sindinadziwe kuti pali chitsulo chimene chimafuna zotere.

Madzulo ake kochi anachita kupempha theka la ola pa ayisi. Mipeni inali ikuluma kwambiri. Kochi anaikhula pathabwa kuti ibunthe pang'ono. Mwana anadumpha, kwina kutera, kwina kugwa. Chiuno chinali chitada ngati makala. Pobwerera anakhala mpando wakutsogolo m'basi, chikwama pamiyendo. Ine kumbuyo.

Loweruka inali nyimbo yaifupi. Sanagwe, koma ankayenda ngati munthu wowoloka paulalo wa mtengo umodzi. Mapointi anali apakati.

Lamlungu sindinapite kutchalitchi. Mayi ake anasinthana shifiti ndi mnzawo. Iwo anakhala pampando, ine ndinaima pakhomo. Osankha timu anali patsidya, atatu, ovala majekete ofanana, akulemba. Nyimbo yaitali inayamba. Kudumpha koyamba anatera bwino. Kwachiwiri, mano aja anakola ayisi nthawi isanakwane. Anagwera chiuno chomwe chija. Phokoso lake ndinalimva pamene ndinaimapo. Anadzuka, anathamangira nyimbo, anaipeza. Theka la mphindi lomaliza analimaliza milomo itatuwa. Anthu anaomba m'manja. Ine manja anakana.

Mayina anatuluka patapita masiku. Lake panalibe. Kochi anati mwana ndiye anali wotsatira pa womaliza kusankhidwa. Ndinafunsa ngati ndi mpeni. Anati palibe angadziwe. Yankho limenelo ndi limene limandidya.

Nsapato anaziika yekha m'kabati ya pakolido, monga mwa pangano. Kwa masabata awiri ankangondipatsa moni basi.

M'mawa wina ndinapeza mayi ake kukhitchini akumanga chakudya cha kuntchito.

"Mayi, pangano lija lisagwire ntchito."

"Chifukwa?"

"Anapikisana atavala nsapato yanga, osati yake."

Anatseka bakuli. "Bambo, inu mukufuna kutsuka manyazi anu ndi chaka cha mwana."

"Mwina. Komabe mpatseni."

"Mwamupepesa?"

Atate anga anamwalira osapepesapo mwana. Amalume aja anandithyola chala ndi chogwirira nkhwangwa, mawa lake anandigulira mandasi. Kupepesa kwake kunali komweko.

"Ndamugulira jekete," ndinatero.

"Jekete si pakamwa. Mukamupepesa, iye n'kufuna yekha, chaka ndimupatsa. Apo ayi, khalani ndi mwala wanuwo."

Ndinatenga masiku atatu. Lamlungu masana titabwerako kutchalitchi ndinagogoda pachitseko chake. Anali pabedi ndi buku. Ndinaima pakhomo, sindinalowe.

"Mwana wanga, ndinalakwa. Ndinagwira chinthu chimene sindichidziwa. Pepa."

Sanatukule mutu.

"Mayi ako akuti chaka china chilipo, ukachifuna."

Apo anandiyang'ana. Anayamba m'Chichewa, anamaliza m'Chingerezi.

"Chaka chamawa akwera ena kuchokera kwa ajuniya. Aang'ono, odumpha kuposa ine. Ndimawaona tsiku lililonse. Chaka changa chinali chino, Adadi."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa."

"Chabwino. Sindikudziwa."

Anabwerera kubuku lake. Ndinatseka chitseko.

Kochi waimba kawiri. Mwana sanayankhe. Malo ake pa ayisi ya m'mawa akumusungira mpaka kumapeto kwa mwezi uno, kenako apatsa wina. Fomu ya ku yunivesite ili patebulo, yodzaza theka.

Nyumba yathu n'njachinyezi. Makoma amatuluka thukuta, ndipo kabati ya pakolido ndiye yoipa kuposa malo onse. Chitsulo chikakhala mmenemo chili m'pulasitiki chimachita dzimbiri. Izi zokha ndikuzidziwa bwino. Ndimadutsa pakabatiyo popita kuntchito ndi pobwera. Sinditsegula.

Dzulo tikumwa tiyi ndinalephera kupirira.

"Mipeni ija ichita dzimbiri mmuja."

Mayi ake anandiponda phazi pansi pa tebulo. Mwana anamaliza tiyi wake, anatsuka kapu. Kenako anatsegula kabati, ananyamula chikwama, n'kulowa nacho kuchipinda. Ndinamva zipi. Kaya ankapukuta, kaya ankangoziyang'ana, sindikudziwa. Ndinaima pakolido nthawi yaitali, manja ali m'thumba. Sindinagogode.