Khutu la Che Jafali

Ndikakumbukira Che Jafali, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera ndi la nsalu yopserera ndi simbi, m'kachipinda kawo kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi ku Pretoria West. Anali telala wa ku Machinga, wogontha khutu lamanzere, ndipo ana tonse a pamenepo tinkangowatchula Agogo.

Ndili giredi 10, aphunzitsi a mbiri yakale ndi a Chingerezi anatipatsa ntchito imodzi: gulu lililonse lifunse munthu wachikulire za moyo wake, n'kulemba nkhaniyo m'Chingerezi. Gulu lathu tinalimo atatu, ine, Lerato ndi Pieter, mnyamata wachizungu. Ndinawatengera kwa Agogo, poti anagwirako ntchito kumigodi.

"Zanga ndinena m'chinenero chakwathu," anatero Agogo. "Iwe Tadala, uziwamasulirira."

Zinkayenda bwino mpaka Pieter atafunsa za khutu. Agogo anachotsa phazi pamakina. Anati kapitawo wachizungu anawamenya pakhutupo ndi chipewa cha mumgodi chifukwa anakana kusiya mnzawo amene mwala unamupsinja, ndipo mnzawoyo anafera pomwepo akuitana mayi ake.

Ndinayang'ana Pieter, cholembera chili m'manja, foni ikujambula mawu pathebulo. M'kalasi monse ndi iye yekha amene sankaseka kalankhulidwe kanga. Ndinangowauza anzangawo m'Chingerezi kuti inali ngozi.

Agogo anandiyang'anitsitsa.

"Ine ndalankhula zambiri, iwe wanena mawu atatu. Enawo wameza?"

"Agogo, ndimati..."

"Zaka zonse zija pansi pa nthaka, ukuganiza kuti liwu la ngozi m'Chingerezi sindilidziwa? Munthu uja anali ndi dzina. Anali Saidi. Nena."

"Eish," anatero Lerato chapansipansi.

Ndinanena zonse. Pieter anafiira nkhope yonse. Ine ndinkangodikira kuti anyamula chikwama azipita. Kenako anafunsa kalembedwe ka dzina la Saidi, ndipo Agogo anamutchulira chilembo chimodzichimodzi.

Panapita masiku anayi Agogo osandiyankha moni. Tsiku lachisanu anandiitana kuti ndiwalowetsere ulusi m'singano, osatchulanso za nkhani ija.

Lero ndimamasulira pachipatala china mumzinda momwemuno, Amalawi anzanga akabwera osadziwa Chingerezi. Dokotala akanena zowawa, wodwala amayang'ana ine, ndipo lilime limafunabe kufewetsa. Koma ndimanena zonse monga zanenedwera.