Tsiku Limene Ndinaloza Mayi Wina Ndili pa Guwa

Ndinafika ku Kitwe nkhondo yaikulu ili mkati, nkulembedwa ukalaliki pamgodi. Ndinali wochokera ku Nyasalande, wodziwa kulemba, wodziwanso kudzitama. Mpingo wathu unkasonkhana m'kanyumba ka malata kumapeto kwa komboni. Abusa athu, bambo wachikulire woyenda chotsimphina, ankandiphunzitsa za ubusa Loweruka lililonse, ndipo tsiku lina anandilola kulalikira.

Ndinalalikira za kuledzera, koma sindinalekere pa Malemba. Ndinaloza mayi wina wa ku Fort Jameson amene anakhala kumbuyo, nkunena kuti tonse tikudziwa zimene zimawira m'mbiya kuseri kwa nyumba yake. Anthu anacheuka. Mayiyo anamangitsa mwana kumsana, natuluka osayang'ana munthu. Ine mumtima ndinati Mzimu wagwira ntchito.

Pofika Lachiwiri nkhani inali itawapeza apolisi a komboni. Anakamuswera mbiya zonse.

Lachitatu nditaweruka ndinapeza Abusa akundidikira panja pa ofesi.

"Tiyeni, mwananga, tikaone nkhosa yanu."

Ananditengera kunyumba kwa mayi uja. Mayiyo anatipatsa mipando, nagwada kutilonjera ngati palibe chachitika. Mapale a mbiya anali atawasesera pakona. M'nyumba mwamuna wake anali gone pamphasa, miyendo yosagwira chimugwereni mwala pansi pa mgodi. Ana anayi ankatisuzumira. Mowa uja ndiwo unkawadyetsa.

"Ndinu munalalikira aja?" bamboyo anandifunsa. "Akuti mumalankhula bwino."

Sankandinyoza ayi. Ndinayang'ana Abusa kuti andipulumutse, koma iwo maso anali pandodo yawo. Pepani wanga anatuluka wapansipansi, moti sindikudziwa ngati anamveka.

Pobwerera tinayenda mtunda ndithu. Kenaka Abusa anaima.

"Mowa ndi woipa, sindikukana. Koma dzina la mayiyu mukulidziwa?"

Sindinkalidziwa.

"Munthu amene simunakhalepo pakhomo pake musamamutchule pa guwa."

Anandichotsa pa ulaliki miyezi isanu ndi umodzi, nanditumiza kukazonda odwala khomo ndi khomo. Ambiri ndinkalankhula nawo Chibemba changa chothyokathyoka, iwo nkumaseka.

Mayi uja sanapondenso m'tchalitchi mwathu. Mvula isanagwe banjalo linabwezedwa kwawo. Abusa anandiuza tsiku ndi nthawi ya sitima, ndipo iwo anapita kukawanyamulira katundu. Ine ndinakhala mu ofesi, ndikukopera mndandanda wa mayina umene ndinali nditaumaliza kale dzulo lake.