Chipinda Chimene Tinamangira Atsikana

Nditapuma pa ntchito ya ukalaliki m'sitolo ina yopikulitsa katundu ku Limbe, makolo a pasukulu ya pulayimale ya kwathu ku Chilobwe anandisankha kukhala wapampando wa gulu la amayi. Ntchito yathu inali kuyang'anira umoyo wa ana: kuonetsetsa kuti phala laphikidwa mwaukhondo, kuti ana akusamba m'manja, ndi kuyendera makolo a mwana amene wayamba kujomba. Wachiwiri wanga anali mayi wa Chisilamu, mkazi wa dalaivala wa minibasi, munthu wolankhula mosapsatira. Ndinkawayesa anzanga a pamtima.

Poyendera makolo tinapeza kuti atsikana a makalasi a kumtunda ankajomba masiku angapo mwezi uliwonse. Chifukwa chake mayi aliyense ankachidziwa, koma panalibe wochitchula pamsonkhano wa makolo, poti pamakhala abambo. Zimbudzi za atsikana zinalibe zitseko, ndipo mwana akakhala kumwezi analibe pobisala kuti asinthe nsalu. Tinaumba njerwa tokha, amuna awo a anzanga aja anatipezera galimoto ya mchenga, ndipo tinamanga kachipinda kuseri kwa zimbudzizo. Tinaikamo ndowa, beseni, sopo, ndi nsalu zimene tinkasoka Loweruka masana. Kiyi ankakhala ndi mphunzitsi wina wamkazi. Chaka chimenecho kujomba kunachepa, moti ngakhale aphunzitsi aamuna anazindikira.

Chaka chotsatira kunabwera mphunzitsi wamkulu watsopano. Anali mwamuna wa mwana wa malemu akulu anga, mwana amene ndinamulera ine kuyambira ali wamng'ono, amene sananditchulepo mwina koma amayi. Choncho ahediwo anali akamwini anga, ine apongozi awo. Kwathu ulemu wa pachipongozi si wamasewera. Sitinadyerepo m'chipinda chimodzi. Akabwera kunyumba ndinkakhala pamkeka chapatali, nkhope itayang'ana kumbali, n'kupatsana moni wofunsana za ana. Mawu olemera akakhalapo, ankadzera kwa ankhoswe.

"Basi talemera ife," anatero anzanga aja atamva. "Ahedi ndi akamwini a apampando. Tikapempha tebulo, atipatsa ndi mipando yomwe."

Ndinawayankha kuti mkamwini sapemphedwa tebulo.

"Inu amayi, zimenezo n'zakumudzi. Kuno ndi ku Blantyre. Apongozi ndi akamwini amapanikizana pampando umodzi wa minibasi, kondakitala n'kuwauza kuti asunthirane."

Mvula itayamba, denga la mosungira ufa wa phala linayamba kudontha. Ahedi anatumiza uthenga kudzera mwa mphunzitsi wamkazi uja, kuti matumba a ufa akhale kaye m'kachipinda kathu kwa milungu iwiri. Sindinakane, poti ufa ukavunda ovutika ndi ana omwewo. Anasintha loko, kiyi n'kusunga okha. Denga linakonzedwa, matumba anabwerera kumalo kwake, koma loko sanachoke. M'mawa uliwonse ahedi ankalowetsamo njinga yawo yamoto, ati panja ana amaiseweretsa, ndipo mu ofesi imanunkhitsa petulo.

Mu teremu yachiwiri, mtsikana wina wa Sitandade 8 anaipitsa yunifolomu ali m'kalasi. Analibe kothawira. Anayenda kuchokera m'kalasi mpaka pageti atadziphimba ndi kope, anzake aamuna akumukuwiza, ndipo sanabwerenso. Anali mwana wa mayi wamasiye wa m'banja lina limene makolo ake anachokera ku Mozambique kalekale, mayi wochapa zovala za anthu. Aphunzitsi ankanena kuti mwanayo akhoza kusankhidwa kupita ku sekondale. Ndinapita kwawo.

"Ine ndamukakamiza, agogo, mpaka ndamukwapula," anatero mayi ake. "Akuti sangakasekedwenso kachiwiri."

Mtsikanayo anayankhira kuseri kwa katani, kuti adzabwerera tsiku limene kachipinda kadzatsegulidwe. Ndinalonjeza kuti mwezi usanathe katsegulidwa. Kunali kutatsala miyezi yowerengeka kuti mayeso alembedwe.

Amayi a gulu anati ndipite ndekha kwa ahedi, poti ndi mwana wanga yemwe. Koma kuti ndipemphe kiyi ndinayenera kufotokoza ntchito ya chipindacho, ndipo mawu a msambo sakanatuluka pakamwa panga pamaso pa mwamuna wa mwana wanga. Wina akhoza kuseka, koma ndinaleredwa chotero. Mphunzitsi wamkazi uja anali atapempha kawiri, n'kuuzidwa kuti adikire. Ndiye ndinachita chimene ndinkachiona kuti ndicho cholongosoka. Ndinakwera minibasi kupita ku Manja kwa achimwene anga, amene ndiwo ankhoswe a ukwatiwo, kuti akawalankhule akamwini mwakachetechete ngati amuna okhaokha.

Pamenepa ndi pamene ndinalakwa. Nkhani ya sukulu ndinaidzeretsa njira ya banja, ndipo njira ya banja ili ndi malamulo ake.

"Achemwali, ine sindingaitane mwana wa eni ndekha," anatero achimwene. "Ankhoswe ake akamva kuti tamukhazika pansi kumbali, tioneka ngati anthu opanda mwambo."

"Ndi kiyi chabe, achimwene. Isakhale nkhani yaikulu."

Anavomera ndi mutu. Koma Lamlungu lotsatira ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhala pansi, ndipo kwa abale a akamwini nkhani inafika ili yakuti apongozi akufuna kumulamulira mwana wawo pantchito. Za chipinda zinangotchulidwa pamwamba, poti onse anali amuna, ndipo panalibe wofuna kufotokoza ntchito yake.

Mwana wanga uja, mkazi wa ahedi, anabwera Lolemba. Sanalowe m'nyumba, anagwada pakhomo ngati mlendo.

"Amayi, ndakulakwirani chiyani? Zaka zonsezi bambo a ana sanaitanidwepo kwa ankhoswe. Lero aitanidwa chifukwa cha njinga."

"Si njinga, mwanawe. Pali mwana wa eni amene wasiya sukulu."

"Mwana wa eni ndi amene mwamuona. Ine apongozi anga sakundiyankha moni."

Ndinamukumbutsa kuti iyenso anali mtsikana, kuti ndine ndinamulangiza atatha msinkhu, ndi kuti akanatha kumuuza mwamuna wake kuchipinda mawu amene ine sindikanatha kuwanena.

"Mukanabwera kwa ine poyamba," anatero. "Tsopano ndikalankhula aziti ndatumidwa."

Pamenepo ananena zoona. Komabe ndinayembekezera kuti akalankhula, ngakhale kamodzi kokha. Sanalankhule.

Kunatsala msonkhano wa komiti ya sukulu. Dzulo lake amayi a gulu tinakumana kunyumba kwanga n'kugwirizana chochita: ine ndikakhale chete, wachiwiri wanga akaimirire ndi kunena zonse, ena onse akamuvomereze.

"Musadandaule, amayi," anatero anzanga aja. "Ameneyo si mkamwini wanga ine. Ndikamuuza mpaka njingayo ituluke yokha ikuimba hutala."

Tinaseka tonse, ndipo tinabalalika mtima wanga uli pansi.

Pamsonkhano ahedi anayamba okha kulankhula, ndipo analankhula mwaulemu waukulu. Anati akuchita manyazi kuti nkhani ya m'banja lawo yalowa pasukulu. Anati apongozi ndi mayi wawo, sangakangane nawo pagulu, ndipo kuti ulemuwo usungike ndi bwino kuti mmodzi wa ife apatuke. Popeza iwo anachita kutumizidwa pasukulupo, sakanatha kudzichotsa okha. Abambo a komiti anavomereza kuti amenewo ndiwo mawu a munthu woleredwa bwino. Ndinayang'ana kwa anzanga aja. Anali kukonza mpango wawo. Wapampando wa komiti atafunsa ngati gulu la amayi lili ndi mawu, anaimirira.

"Ife za m'banja sitingalowerere," anatero. "Amayi agwira ntchito yaikulu. Akapume."

Anakhala pansi. Za chipinda sanatchule, za mtsikana uja sanatchule, ndipo mwa amayi ena onse amene ndinaumba nawo njerwa panalibe anakweza mutu. Ine ndikanatha kuimirira, koma akamwini anali patsogolo panga, ndipo ndikanalankhula ndikanatsimikizira zonse zimene anali atangonena. Tsiku lomwelo anzanga aja anasankhidwa kukhala apampando, ine n'kundiombera m'manja.

Panjira ananditsatira.

"Amayi, musandiyang'ane choncho. Mwana wanga womaliza ali mu Sitandade 8 momwemo, ndipo za mayeso zonse zimadzera m'manja mwa ahedi. Ndikakhazikika, nkhaniyi ndiitenga pang'onopang'ono."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze zimenezi dzulo lake, tili m'nyumba mwanga. Anati akuchedwa kukaswali, n'kupatukira njira ina. Mantha awo ndinawamvetsa, poti nanenso ndinabereka. Chimene sindinachimvetse mpaka lero ndi nthabwala ya hutala ija, yonenedwa ndi munthu amene anali atadziwa kale kuti sakalankhula.

Ndinadikira mwezi wathunthu, ndikudutsa kuseri kwa mpanda wa sukulu popita kumsika. Loko anali pomwepo. Kenaka ndinalimba mtima n'kupita kwa mayi wamasiye uja. Ndinawapeza akuyanika zovala za anthu, ndipo ndinawauza kuti sindilinso m'gulu la amayi.

"Ndinamva, agogo. Koma amene munabwera pano ndinu, si gulu. Mwana anakhulupirira inu."

Ndinapempha kuti ndimuone. Ndinafuna kumuuza kuti ndizimuperekeza ndekha, ndipo masiku akewo azidzasinthira kunyumba kwanga, poti ndi pafupi ndi sukulu. Nzeru imeneyi ndikanakhala nayo tsiku loyamba lija, ndikanamunyengerera nayo. Koma nthawi imeneyo maganizo anga onse anali pa kiyi ndi pa ulemu wa akamwini. Mayiyo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati mwanayo anapita mlungu wapitawo kwa azakhali ake ku Bangwe, kumene anamupezera ntchito yolera mwana.

Ndinafunsa ngati angabwere kudzalemba mayeso okhawo.

"Eni ake ntchito sangamulole. Ndipo iye mwini sanatchulenso za sukulu."

Anandibweretsera mpando, koma iwo anapitiriza kuyanika zovala zawo. Ndinakhala pang'ono, kenaka ndinatsanzika.